Nyimbo ya a Clotilda ya pa doko

Panali mayi wina kwa Ndamera ku Nsanje, dzina lake Priska, mlongo wake wa Hilario, woimba gitala yamagetsi amene ankadzadza mahotela a ku Blantyre m'zaka zija za makhadi a chipani. Nkhaniyi musaikayikire. Ine wolembane ndinafika Folomu 4 nthawi imene atsikana a kwathu ankalekezera Sitandade 5, ndipo mwamuna wanga anali kalaliki pa boma. Zongotola pa chitsime sindilemba.

Bambo awo, a Lorenso, anagwidwa ndi ng'ona mu Shire akuonjola miono. Mtembo sunapezeke. Mayi awo, a Clotilda, posowa manda okalirapo, anapeka nyimbo yawoyawo ya maliro m'Chisena, yotchula dzina la mwamuna wawo. Ankaiimba kamodzi pa chaka, madzi akayamba kuphwa, atagwada pa doko pamene bwato lawo linapezeka. Priska yekha ndiye ankawaperekeza.

"Mwananga, nyimbo iyi ndiyo manda a abambo ako," ankatero. "Usadzaiimbe posinja, usadzaiphunzitse munthu."

Pakhomopo panali usiwa. Mwamuna wa Priska anapita ku Nchalo kukadula nzimbe osabweranso, n'kumusiyira ana awiri. Koma anthu ankati abale a munthu womveka pa wailesi amadya nyama tsiku ndi tsiku. Priska akakapempha ganyu ku madimba, ankamuseka.

"Iwenso ganyu? Kauze gitala ya mlongo wako ikulimire!"

Hilario chomwe ankatumiza kumudzi ndi zithunzi zake basi.

Chaka china anatsika sitima atavala magalasi akuda. Atapereka moni kwa amayi, anakokera Priska kuseri kwa khola la mbuzi.

"Alongo, nyimbo zandithera. Mwini bandi akufuna ya kumudzi. Ija amaimba amayi ku doko, ndiimbireni."

"Amayi anakaniza."

"Amayi ali ndi wailesi? Adzaimvera kuti? Inu ndipatseni, ndidzabwera kudzakutengani. Muzikaimba kumbuyo kwanga, anawa azikaphunzira ku Limbe."

Priska anayang'ana ana ake akulimbirana nyika zowiritsa, zija timazula m'madzi nthawi ya njala. Anatsitsa mawu, naimba. Hilario anaibwereza mpaka kuigwira, m'mawa mwake n'kukwera sitima.

Anaiikira ng'oma ndi magitala, anaithamangitsa, inasanduka yovinira. Ana a lero simungamvetse. Nthawi imeneyo wailesi inali imodzi dziko lonse. Nyimbo ikatchuka, kothawira kunalibe.

Tsiku lina a Clotilda anapita kukagulitsa mbatata pa msika wa pa boma. Ku bala ina ya mowa ya pafupi kunamveka mawu a mwana wawo akukuwa dzina la bambo ake. Zidakwa zinali kuvina panja, zikutsegula ndi kutseka mikono ngati kamwa la ng'ona.

"Lorenso! Lorenso!"

Mmodzi anawazindikira. "Agogo, dzukani muvine, ya mwana wanu iyi!"

Mbatata anazisiya pomwepo. Atafika kunyumba sanakalipe.

"Priska, oidziwa tinali awiri."

Priska anagwada. "Amayi, inali njala. Anati atitenga."

"Njala tinali nayo tonse, mwananga."

Madzi ataphwa, a Clotilda anapita okha ku doko. Atangoyamba kuimba, amayi amene ankachapa pafupi anailandira mosangalala, akuwomba m'manja mwa kavinidwe ka pa wailesi. Sankadziwa kanthu. A Clotilda anadzuka nyimbo isanathe.

Sabata yomweyo anamanga katundu wawo m'chitenje. Anati akupita kwa mlongo wawo, a Maliko, kutsidya kwa Marka, ku Mozambiki. Inali nthawi imene anthu a kumeneko ankathawira kuno.

"Amayi, kumeneko kuli nkhondo!" Priska analira atawagwira mwendo.

"Kuli nkhondo, koma kulibe wailesi."

Anapita. Priska ankayenda wapansi kupita ku Marka kukafunsa othawa nkhondo amene ankawoloka ndi mitolo pamutu. Palibe ankadziwa. Atadutsa madzinja awiri, anakumana ndi mayi wina wa m'mudzi wa a Maliko. Mayiyo anati mudziwo unawotchedwa, anthu anathawira kutchire, a Clotilda anadwala m'mimba n'kumwalira konko. Anawakwirira mothamanga. Malo ake sakanatha kuwaloza.

Hilario anali asanabwerebe kudzamutenga. Priska anagulitsa mbuzi yotsala, nakwera sitima kukamuuza yekha. Anamupeza Loweruka masana pa hotela ina, kuseri kwa holo yodzaza anthu. Hilario atamva anavula magalasi aja, nakhala pansi, nalira ngati mwana.

"Alongo, ine sindimadziwa kuti zifika pamenepa."

"Tiye kwathu tikakhale maliro," anatero Priska. "Sitima ilipo mawa."

Asanayankhe, mwini bandi anasuzumira pakhomo. "Hilario, anthu aphwanya mipando uku. Akufuna Lorenso."

M'holomo anali akumenya matebulo, akuitana dzinalo. Hilario anayang'ana mlongo wake, anayang'ana chitseko. Anapukuta misozi ndi malaya, natola gitala.

"Ndidikireni pang'ono, alongo."

Priska sanadikire. Anamva ng'oma zikuyamba ali pa geti. Anabwerera ku Nsanje yekha, ndipo awiriwo sanalankhulanenso.

Phunziro: Kholo likakusungitsa chinthu n'kukuuza kuti usapatse munthu, usapereke, ngakhale wopemphayo akhale m'bale wako wotchuka, ngakhale m'nyumba muli njala. Lonjezo la kutauni silingakubwezere mayi ako. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa abale anu, makamaka amene ali ndi wawo womveka pa wailesi.