Kachipangizo Kamene Anakaletsa Kugona

Inu amene mumati nkhani zoterezi n'zopeka, werengani kaye mpaka kumapeto, mukatero mubwere mudzanditsutse pamaso. Ine sekondale ndinamaliza bwinobwino, sindilemba zamphekesera.

Panali bambo wina amene anzake ankamutchula kuti Sindipusitsidwa, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pake. Atapuma ntchito yaulonda, ndalama zake zonse anagulira njinga yamoto, n'kuipereka kwa mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, kuti azinyamulira anthu. Banja lonse linkadya pa njinga imeneyo.

Poopa akuba, anapita kwa mayi wina wogulitsa zamagetsi, mayi wodziwa ntchito kuposa amuna onse a mashopu a mumsewu umenewo, n'kugula kachipangizo kolondolera njinga. Mayiyo anakabisa m'kati mwa njingayo, pamalo poti wakuba sangapaganizire. Anamufotokozera kuti kali ndi batire yakeyake, kuti ngakhale munthu adule mawaya kasazime. Nthawi zambiri kamakhala kali mtulo, kamangodzuka pang'ono kutumiza ku foni malo amene njinga ili, n'kugonanso, ndipo n'chifukwa chake batire yake imakhala miyezi.

"Njinga ikabedwa m'pamene timakauza kuti kazilankhula osapuma," anatero mayiyo. "Musakadzutse pachabe, bambo. Galu wouwa usana wonse, wakuba akamafika amakhala atasasa mawu."

Sindipusitsidwa anangogwedeza mutu. Mtima wake sunali pa akuba okha ayi. Ankakayikira mlamu wake kuti akumayenda maulendo ena osamuuza, ndalama zake n'kumathera kwa kachibwenzi. Nanga kachipangizo kongosuzumira apo ndi apo kakanamugwira bwanji? Anayamba kukayikiranso mayi uja. Suja anawaona mayiyo ndi mlamuyo akupatsana moni mosekererana?

Tsiku lina, pamalo otsukira njinga, anacheza ndi mkulu wina wovala jekete yachikopa, amene anati zipangizo zoterezi ndiye chakudya chake. Mkuluyo atamva dandaulo la Sindipusitsidwa anapukusa mutu, n'kunena kuti mayi uja anakamanga dala kachipangizoko. Kenako anafunsa kuti kodi kanabisidwa pati.

"Pamenepo ndiye ayi, achimwene. Ine sindipusitsidwa."

Wajeketeyo anaseka, anati palibe kanthu, foni yokha ikwanira. Anaidinadina n'kumubwezera. Taonani kadontho kakuyenda pafoni ngati nyerere, njinga ikakhota nako kakhota.

Kuyambira pamenepo Sindipusitsidwa anasiya ndi bawo yemwe. Ankakhala pakhonde maso ali pafoni, kadontho kakangoima iye waimba kale.

"Alamu, pachigayopo mwaima mukutani?"

"Ndikutaya madzi, alamu. Kapena ndiziyamba ndapempha chilolezo?"

Mkazi wake anamuuza kuti amusiye munthu agwire ntchito, koma iye anayankha kuti magazi ndi magazi, n'kutheka nayenso akudya nawo.

Sabata isanathe, foni inayamba kuchenjeza kuti batire ya kachipangizo yatsala pang'ono kutha. Anaimbira wajekete uja, ndipo iye anati imeneyo ndi misampha ya mayi uja yofuna kumugulitsa batire ina. Anangomupempha kuti kadontho kakadzasiya kuyenda adzamuuze msanga, adzakonza.

M'mawa wina njinga inatuluka, koma kadontho kanatsala pageti. Sindipusitsidwa anachita monga anauzidwira, anaimba foni. Wajekete anamuthokoza kwambiri, n'kuti asadandaule, ndi netiweki chabe.

Masana omwewo mlamu ananyamula munthu wopita kunja kwa tauni. Atafika pamalo opanda nyumba, anapeza anthu awiri akudikira ndi zikwanje. Anabwerera wapansi, wopanda nsapato, mlomo utatupa. Sindipusitsidwa sanamufunse n'komwe ngati wavulala. Anamugwira pakhosi kuti njinga wagulitsa, n'kumukokera kushopu kwa mayi uja, akukuwa kuti onse awiri ndi akuba ndipo mayiyo adzutse kachipangizo pompano.

Mayiyo anatenga foni, n'kuona zimene zinasinthidwa.

"Ndidzutse chiyani? Mwakapha nokha. Anakaletsa kugona ndani?"

Sindipusitsidwa anayamba kufotokoza za katswiri wake wa jekete yachikopa. Mlamu anadzuka pamene anakhala, n'kunena kuti mmodzi wa azikwanje aja anavala jekete yomweyo. Anayesa nambala ya wajeketeyo, sinkapezekanso. Munthuyo atakanizidwa kuona pamene panabisidwa kachipangizo, anangokatopetsa mpaka kufa, ndipo mwini njinga ndi amene anamuimbira kumuuza kuti kafa.

Njingayo sinapezeke. Mkazi wa Sindipusitsidwa anatenga mlongo wake kupita naye kuchipatala, ndipo pochokera kumeneko analunjika kwa makolo ake. Sindipusitsidwa anabwerera ku ulonda, akulondera magalimoto a eni.

Phunziro: Chipangizo chimene anachipanga kuti chizigona, chisiyeni chigone, chidzakudzukireni tsiku la mavuto. Ndipo munthu wokayikira abale ake onse amathera m'manja mwa mlendo. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi njinga, galimoto kapena mlamu.

Mayi wa shopu uja ndine, ngati simunadziwe. Pa nkhaniyi ndinapata makasitomala asanu ndi anayi, anzake a mlamu uja, ndi "pepani mayi" mmodzi wa Sindipusitsidwa, atavula chipewa, anthu akuona.