Mphuno ya a Quandt

Pa tebulo panatsala nyimbo ziwiri, ndipo bambo Leberecht Quandt anali atagwedeza kale tsitsi lawo kasanu ndi kawiri. Tsitsilo linkafika m'mapewa. Masiku amenewo wopeka nyimbo ankayenera kuoneka ngati wathawa kumanda: nkhope yotuwa, maso olowa, ndi kachifuwa ka apo ndi apo. A Quandt ankatsokomola mwaluso zedi, makamaka akakhuta soseji.

Holo ya gulu la oimba inali yodzaza tho. Linali tsiku la mpikisano wa pachaka, ndipo woweruza anali iwowo. Nanga akanakhala ndaninso m'tauni yathu ino? Munthu wa nyimbo mazana atatu, zonse za mwezi, manda ndi mtima wosweka, chonsecho mtima wawo sunachitepo ngakhale mng'alu. Ankadzitama kuti nyimbo akaimaliza saicheukiranso, ati mphepo yamkuntho sibwerera kukaona denga lomwe yasasula.

Mwambo wake unali womwe uja. Nyimbo imabwera ndi nambala yokha, dzina la mwini wake lili mu envulopu yomata ndi phula. Ya wopambana amaitsegula. Za olephera amaziponya m'mbaula osatsegula, kuti munthu apite kwawo ndi nkhope yake.

Pamzere wachitatu panakhala mkazi wawo, mayi Hermine, ndi mwana wawo Ottilie, zala zake zili bii ndi inki. Chiyambire ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mtsikanayu ndiye ankakopera nyimbo zonse za bambo ake, chifukwa zolemba za mkuluyo zinali ngati popalasa nkhuku. Tsopano ankafuna kupita ku Leipzig kukaphunzira kupeka zake. Bambo ake analumbira pamowa, anthu akumva: "Akapambana mpikisano ndikamuperekeza ndekha. Akalephera, nkhaniyo ithere pomwepo. Koma dziwani, nyimbo ya mkazi ine ndimaimva ndi mphuno."

Pa ziwiri zotsalazo anatola nyimbo ya nambala yachinayi. Apa mphuno sinagwire ntchito n'komwe. Timanotsi tating'onoting'ono, tozungulira ngati nandolo, tomwe ankationa tsiku ndi tsiku patebulo pawo. Anamwetulira chamumtima, n'kupatsira woimba piyano.

Nyimbo isanafike ndi pakati pomwe, anamenya tebulo.

"Basi, basi! Mutipha ndi tulo. Imeneyi ndi nyimbo kapena msuzi woiwala mchere? Mwezi, mwezi, mwezi, ngati mweziwo ndi wa kwawo! Mkuntho uli pati? Magazi ali pati? Woilemba sanavutikepo chibadwire, wangokulira pafupi ndi mphika. Sindikumudziwa ayi," anatero akuyang'ana denga, "koma ndikumulangiza ngati kholo: atule cholembera, akasoke masokosi."

Holo yonse inafa ndi phwete. Anthu a kuno akaona tsitsi lalitali likuseka, nawo amaseka. Ottilie anawerama, nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Mayi Hermine sanaphethire. Anangofiira makutu.

Kenako inabwera yachisanu ndi chinayi. Manotsi akuluakulu, okhomerera ngati munthu ankabaya pepalalo ndi mpeni. A Quandt analinunkhiza.

"Ehe! Fodya. Apa pakhala mwamuna." Anatembenuzira pepalalo kuwindo. Pakona pake panali dontho loonekera kuseri. "Ndipo taonani, abale. Msozi! Ameneyu analemba akulira."

Pamzere woyamba, bambo Knoll ogulitsa nyama, omwe amaimba besi m'gululi, anapukutira manja pathalauza n'kuyamba kuwerenga matabwa a kudenga.

Piyano inayamba. Tinene zoona, inali nyimbo. Inayamba ngati munthu woyenda monyang'ama, kenako inakwera, n'kukwera, mpaka amayi oluka kumbuyo anaiwala singano zawo. Wina anamina. A Quandt anagwira pachifuwa, tsitsi lili pankhope, ndipo anaiwala ndi kutsokomola komwe.

"Uyu ndi mbale wanga mumzimu!" anafuula itatha. "Nyimbo yotere mkazi sangailote, olo agone zaka zana. A Pfau, tsegulani envulopu, ndimukumbatire mwamuna ameneyu."

Bambo Pfau, mlembi wa gulu, anathyola phula. Anawerenga chamumtima, anapukuta magalasi, anawerenganso. Kenako anatchula ndi mawu aang'ono ngati a mbewa.

"Ottilie Quandt."

Ottilie anadzutsa nkhope. Misozi inalipodi, koma inali ya kuseka.

"Bodza!" anakuwa a Quandt. "Dzanja la mwana wanga ndimalidziwa. Yake ndi ijayi!"

"Pepani, achimwene," anatero a Knoll akukanda m'mutu. "Mwanayu anandipempha ndimukoperere. Msoziwo ndi mafuta a nkhumba, ndinalembera kusitolo."

"Nanga yachinayi ija ndi ya chitsiru chiti?"

A Pfau anali atatsegula kale chitseko cha mbaula, koma mayi Hermine anawatsomphola envulopuyo isanagwe pamoto, n'kuiika bwinobwino patsogolo pa amuna awo.

"Chitsirucho ndinakwatiwa nacho," anatero mayiwo. "Ndi nyimbo ija munandifunsira nayo banja, bambo a Ottilie. Ndaisunga m'bokosi zaka makumi awiri ndi ziwiri, mwana anangoikopera monga amachitira zanu zonse. Mukabwerako ku Leipzig, masokosi oti musoke muwapeza pampando."