Khomo la Chaka Chachitatu

"Miyendo ikukana," ananong'ona Quintero atagwira chitseko cha kalasi.

Lamulo la pasukulu ya usilikaliyi aliyense ankalidziwa. M'zaka ziwiri zoyambirira ukhoza kusiya n'kubwerera kwanu, koma ukangolowa m'kalasi tsiku loyamba la chaka chachitatu, ndiwe wa boma. Akati kunkhondo, upita.

"Mantha ngati mwana, iwe," anatero Brandvold, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, yemwe ankaimba nyimbo za perete ngakhale kubafa.

"Achimwene anga anabwerako ali m'bokosi. Mayi sakupezanso tulo."

"Ndiye ana a eni ake kunkhondoko awatsogolere ndani? Pamafunika wolidziwa bokosilo. Lowa, ndili pambuyo pako."

Quintero analowa n'kukhala pansi. Mphunzitsi anayamba kuitana mayina.

"Brandvold."

Kunali zii. Pawindo, Quintero anaona mnzake uja akudutsa pakapinga woletsedwa kupondapo, chipewa chili m'manja, akulunjika kugeti osacheuka.

"Quintero."

Quintero anaimirira.

"Ndilipo, bwana."