Dambo Lalandira Mlendo

"Dambo lanu lija ndi ili, bwana," anatero a Mwangomba, wapampando wa chipani ku Mwenilondo, akuloza ndi chipewa monyadira.

A Kalilangwe, mphunzitsi wa kuyunivesite ku Zomba, anatsika m'galimoto n'kumwaza maso uku ndi uku. Atabwera chaka chatha anasiya bango lowirira, mbalame zikuchita kusokosera. Lero panali mbee ngati bwalo la mpira, miyala yopaka laimu itandandalikidwa m'mbali.

"Nanga bango lija?"

"Tinatchetcha, bwana. Titangomva kuti kukubwera mlendo wa boma, ayufi a chipani sanapume. Kuno mlendo sitimulandirira patchire."

A Mwangomba anadikira kuyamikiridwa. Matuza anali asanapole m'manja, ndipo mumtima ankamva kale dzina lawo likutchulidwa pa wailesi.

"A wapampando," anatero mlendoyo motsitsa mawu, "ine ndabwera kudzawerenga mbalame zija. Boma limafuna kumanga nyumba ya alendo odzaona mbalamezo, koma linati lidziwe kaye ngati kubwera kwa alendo sikungawononge damboli."

A Mwangomba anayang'ana kumwamba. Kunalibe ndi khwangwala yemwe.

"Ndiye mukalemba chiyani, bwana?"

"Kuti kafukufuku watha msanga. Mlendo woyamba ndine, ndipo zotsatira zake ndi izi."

A Mwangomba anavala chipewa pang'onopang'ono, n'kutembenukira ayufi amene ananyamula nkhuku ziwiri zophera mlendo. Anawanong'oneza m'Chinkhonde:

"Muphe imodzi yokha. Inayo isiyeni, abwana apezeko choti awerenge."