Agwape Sadikira Munthu

Makina oyezera magazi ataonetsa 8, ndinabaya chala china cha a Kowalke. Inabweranso 8 yomweyo. Munthu amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ngati iwowa, amayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3.

"Mwanawe, wamaliza kundiboolaboola?" anatero mkuluyo, atavala kale jekete lawo lowala losakira nyama. "Agwape sadikira munthu. Mnyamata wanga ali m'galimoto panjapa, mfuti zili kumbuyo."

Ndinacheukira Dokotala Halvorsen, amene amandiphunzitsa ntchito ya mankhwalayi. Anangopinda manja n'kumayang'ana kudenga. Anali atandiuza kale kuti mwezi uno odwala ndi anga, iwo alibe pakamwa.

"Bambo Kowalke, lero kutchire simupita," ndinatero. "Magazi anu ali ngati madzi. Mukagwa mumtengo muja mumabisaliramo, kapena mpeni ukakuchekani posenda nyama, sasiya kutuluka."

"Iwe, ndinayamba kusaka amayi ako asanabadwe! Halvorsen, tamulangiza mwana wakoyu."

Ine ndinanyamula foni.

"Vulani jekete mukhale pansi, bambo. Ndikuimbira dokotala wanu wa mtima."

A Kowalke anaseka mpaka kutsokomola, n'kutembenuka kulunjika kukhomo. Pomwepo kadontho kofiira kanatsika m'mphuno n'kugwera pajekete. Anapukuta ndi chikhatho. Kanatsika kena, kenako kenanso.

Panja mwana wawo analiza hutala. A Kowalke anayang'anitsitsa chikhatho chawo, n'kuyamba kumasula zipi pang'onopang'ono.