Khomo la abwana

"Mutseke akaunti ya pakompyuta ya wantchito aliyense imene yatha miyezi itatu osatsegulidwa," anatero abwana akumenya tebulo. "Akuba a pa intaneti amalowera makomo oiwalika ngati amenewo. Mwini wakeyo alongedze, ndiye kuti sagwira ntchito."

Antchito onse anali m'chipinda cha msonkhano. Wolandira alendo, yemwe anali atangobwerako kutchuthi cha uchembere, anayamba kupotokola mpango m'manja.

"Bwana, bwanji ndiyese kaye pandekha?" anafunsa mayi wa makompyuta.

"Ayi, pompano, aliyense aone. Ine ndimalowa mu sisitemu m'mawa uliwonse. Alesi ndikuwadziwa kale."

Mayiyo analemba mizere ingapo ya pulogalamu pa laputopu yake n'kudina. Pa sikirini ya pakhoma panatuluka dzina limodzi lokha. Silinali la wolandira alendo, poti iye ankayankha makasitomala ali kunyumba, khanda lili kumsana. Linali la abwana. Akaunti yawo inali isanatsegulidwepo chiipangireni.

Abwana anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Pulogalamu yanuyi ili ndi vuto."

"Ndiikonze motani, bwana?"

"Isamawerengere akuluakulu."

Mayiyo anawonjezera mzere umodzi, dzina lija n'kuzimirira.

"Mwaona?" anatero abwana akudzuka. "Tsopano ndife otetezeka."

Onse anaomba m'manja, wolandira alendo kuposa anzake. Mayi wa makompyuta anatseka laputopu mwakachetechete. Khomo loiwalika linatsala limodzi basi, la abwana lija, lolowera ku malipiro ndi zinsinsi zonse za makasitomala, ndipo pasiwedi yake inali ikadali ija mayiyo anawapatsa tsiku loyamba kuti akasinthe.