Wolakwa Akudzidziwa

Thirakitala idachoka pa shedi ya sikelo ili yopanda kanthu. Tiyi yense wa Loweruka limenelo adamukhuthulira kuseri ngati zinyalala. Gulu la amayi lidathyola m'munda wa nambala naini, womwe udapoperedwa mankhwala dzulo lake. Munda wotero amazikamo mbendera yofiira kuti musalowe munthu. M'mawa umenewo mbenderayo mudalibe, ndipo woyamba kulowamo adali Lestina. Anzake adangomutsatira monga mwa masiku onse, poti ndiye wa manja achangu, wotsogolera mzere.

A Crispin, kapitawo wa gululo, adabwera kuchokera ku ofesi nkhope ili ndwii. Sadakalipe. Bola akadakalipa.

"Wolakwa akudzidziwa," adatero. "Lolemba ndisamuone m'munda."

Adakwera njinga yawo n'kumapita. Amayi adayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akuyesetsa kuti maso ake asagwere pa Lestina. Kuyang'ana munthu kowawa kuposa kumeneko kulibe.

Lestina adakhala pansi pa simenti, dengu lili pambali. Msana unkaphwanya, zala zidachita dzanzi, ngakhale mphamvu yolirira adalibe. Pa esiteti ntchito ikatha, nyumba ya ku komponi nayo imatha. Adaganiza za ana ake atatu, ndi kanyumba ka amayi ake ku Masambanjati momwe mukugona kale anthu asanu ndi mmodzi.

Yemwe adatsala naye ndi Esnat, mnzake wa khomo loyandikana, amene adamuphunzitsa kuthyola tiyi zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.

"Lestina, a kapitawo sanatchule dzina," adatero Esnat.

"Dzina n'lachiyani, achemwali? Gulu lonse linaona kuti ndinayamba kulowa ndine."

"Iwe unalowa pomwe panali potsegula. Mawu a munthu usamathamangire kuwamvera koipa. Sakunena iwe."

Esnat ndi wotero. Munthu atamuponda phazi, iye anganene kuti mwina amafuna kumupatsa moni. Masiku ena mtima umenewu unkamuseketsa Lestina, koma tsikulo udamutopetsa. Adakumbuka kuti a Crispin sadamuyang'ane nkomwe polankhula. Munthu amene ukumuchotsa ntchito sumuyang'ana m'maso.

"Ndiye akunena ndani? Mitengo ya tiyi?" adafunsa mokalipa. "Mutu ukakula sulewa nkhonya, achemwali. Ndimatsogolera ndine, nkhonya ndi yanga. Mawu okoma anuwo ana anga sagonamo."

 Esnat adangoyang'ana ku minda, komwe nkhungu idayamba kale kutsika.

 Lestina adaona kuti kudikira Lolemba n'kudzichititsa manyazi chabe: kudzuka m'mamawa, kuima pa mzere, kenako n'kubwezedwa anthu onse akuona. Kuli bwino achoke ndi miyendo yake. Adamasula epuloni ya pulasitiki, adaipinda bwinobwino, adanyamula dengu, n'kulunjika pa tebulo la akalaliki omwe amalandira zida za anthu osiya ntchito.

Asadafike, Esnat adamupitirira. Adatula dengu lake pa tebulopo, epuloni pamwamba. Lestina adatula lake pomwepo, n'kumugwira mkono. Zosiyira ntchito pamodzi chifukwa cha chibale iye sadazifune, pakuti Esnat naye ali ndi ana, komanso amuna odwala.

"Musatero chifukwa cha ine, achemwali."

Akalaliki sadafunse kanthu. Adalandira dengu la Esnat, la Lestina adalikankhira kwa mwini wake.

"Mbendera ndinazula ndine m'mamawa," adatero Esnat, maso ali pansi. "Masiku atatu sindinakwanitse mlingo wa tiyi wa pa tsiku, ndipo tiyi wa m'munda uja anali wonenepa. A Crispin ndinawauza masana. Iweyo ndi amene ndimasowa poyambira kukuuza."